Kabuku ka matchati kamene kandiphunzitsa ukonde wa makona atatu

Ndakhala ndikuluka ndi singano ya crochet kwa zaka zambiri, koma zonse ndinkaphunzira poonera manja a munthu wina kapena powerenga malangizo olembedwa m'mawu. Matchati, zojambula zimene zimaonetsa kalukidwe ndi zizindikiro m'malo mwa mawu, ndinkawaopa. Ndikatsegula tsamba n'kuona timitanda, timizere ndi tinthu tozungulira tambirimbiri, ndinkangotseka. Mwezi watha ndinagula kabuku kophunzitsa lesi ya ukonde wa makona atatu, kamene kalibe mawu ambiri koma matchati okhaokha, ndipo ndalukira kampango ka m'khosi mpaka kumaliza. Tsopano ndingathe kunena zimene kabukuka kamachita bwino ndi pamene kanandisiya ndekha.

Chabwino choyamba ndi tsamba la zizindikiro. Analijambula mokula, chizindikiro chilichonse pambali pa chithunzi cha sitichi yake yeniyeni. Kozungulira kotalikirapo ndi tcheni (kalupu kamodzi ka unyolo wa ulusi), kadontho kakuda ndi slip stitch (sitichi yolumikizira), kamtanda ndi single crochet (sitichi yaifupi), ndipo masitichi aatali amaoneka ngati chilembo T chokhala ndi timizere topingasa pa mwendo wake. Timizere timeneti si tokongoletsa ayi. Timakuuzani kuti mukulunge ulusi kangati pa singano musanailowetse: kamzere kamodzi mukulunge kamodzi, tiwiri mukulunge kawiri. Nditazindikira zimenezi mantha anga onse anatha, chifukwa ndinaona kuti tchati ndi chithunzi chabe cha nsalu imene ikutuluka m'manja mwanga.

Ukonde wake umalukidwa chonchi. Mumayamba ndi matcheni ogawika ndi 4, n'kuwonjezera imodzi. Ine ndinaluka 161, kenako mzere umodzi wa single crochet kuti m'mphepete mulimbe. Pa sitichi yachinayi iliyonse ndi pamene miyendo ya masitichi aatali imaima. Mumaluka masitichi awiri aatali okulunga kawiri, wina pamalo pamene mwangochokapo, wina pamalo otsatira, koma osawamaliza payekhapayekha; mumawamangira pamodzi kumutu. Kenako matcheni atatu, n'kubwerezanso. Pa tchati miyendo iwiriyo imaoneka ngati denga la nyumba, ndipo matcheni amayala pamwamba kulumikiza nsonga ndi nsonga. Mabowo ake amatuluka a makona atatu, lina loloza kumwamba, lotsatira loloza pansi.

Chimene chinandisangalatsa kwambiri n'chakuti kampango konse kamadzipanga kokha kukhala ka makona atatu. Mzere uliwonse umaimika miyendo pa nsonga za mzere wapansi, choncho nsonga zimachepa ndi imodzi nthawi zonse. Ndinayamba ndi nsonga 40, mzere wotsatira 39, mpaka mzere wa 40 unatsala ndi imodzi yokha. Zonse pamodzi ndi nsonga 820. Munthu akanandifotokozera m'mawu ndikanangovomera osamvetsa, koma pa tchati ndinaona ndi maso anga m'mbali monse muwiri mukulowa mkati pang'onopang'ono. Mizere yoyamba imatopetsa, usiku wonse mizere itatu basi, koma mukadutsa pakati ntchito imathamanga.

Kabukuka kanasiyanitsanso mitundu ya mizere, wakuda ndi wabuluu mosinthana, ndipo nambala ya mzere ili kumbali imene mzerewo ukuyambira. Zimenezi n'zofunika, chifukwa tchati cha nsalu yotembenuza chimawerengedwa kuchokera pansi, mzere woyamba kuchokera kumanja kupita kumanzere, wachiwiri kubwerera. Ine ndinkaika rula pamwamba pa mzere umene ndikuluka, osati pansi pake, kuti ndiziona pamene miyendo ikukaima.

Tsopano zodandaula. Pansi pa tchati choyamba analembapo mawu ochepa, ndipo sitichi yaitaliyo anaitchula kuti treble, osanena kuti akutsatira matchulidwe a ku America kapena a ku Britain. Mayina amenewa amasiyana. Ku Britain treble ndi sitichi yokulunga kamodzi, imene ku America amaitcha double crochet. Treble ya ku America ndi yokulunga kawiri. Ine ndinazolowera za ku Britain, ndiye ndinakhulupirira mawuwo n'kuluka mizere isanu ndi umodzi ndi miyendo yaifupi. Mabowo anatuluka ophwatalala, nsalu yosaoneka ngati ya pachithunzi. Nditayang'anitsitsa tchati ndinapeza timizere tiwiri pa mwendo uliwonse. Ndinamasula zonse, ntchito ya masiku awiri, ndipo ulusi wathonje ukamasulidwa sukhalanso wosalala ngati poyamba. Mzere umodzi wokha wofotokoza pa tsamba loyamba ukanandipulumutsa.

Vuto lachiwiri ndi poyambira mzere. Matcheni anayi otembenukira amaimira mwendo woyamba, ndipo amayenera kupendekeka kuti akakumane ndi mwendo wachiwiri. Pa tchati chachikulu malo amenewa anawasindikiza mochepa kwambiri moti simungadziwe ngati matcheniwo ndi atatu kapena anayi. Ndinachita kujambula tsambalo ndi foni n'kulikulitsa. Komanso palibe chimene akunena kwa oluka ndi dzanja lamanzere. Mchemwali wanga amalukira kumanzere, ndipo anafunika kutembenuza chithunzicho pa foni ngati pagalasi kuti chigwirizane ndi mmene manja ake amayendera.

Pa nkhani ya ulusi, kabukuka kamalangiza wathonje wa nambala 10 ndi singano yachitsulo ya mamilimita 1.75. Kwa woyamba kumene sindikugwirizana nazo. Ulusi woonda chonchi umabisa mutu wa sitichi, pamene ukonde wonsewu umadalira kulowetsa singano pamutu penipeni. Mukalowetsa pambali, nsonga zimakhota. Ine ndinatenga wathonje wokulirapo, wowala mtundu, ndi singano ya mamilimita 3, ndipo ndinkaona bwinobwino timalupu tiwiri ta pamutu. Yesani kaye kachidutswa ka matcheni 25. Kamakhala ndi nsonga 6, kamatha pa mizere 6, ndipo kamakuphunzitsani zonse, kuphatikizapo kumaliza kwake.

Tsamba lomaliza ndi la kuwongola nsalu, ndipo ndikanakonda likanakhala koyambirira. Ukondewu ukangochoka pa singano umaoneka wokwinyika, mabowo osadziwika mawonekedwe, moti munthu angataye mtima ali pakati. Ndinaviika kampangoko m'madzi, n'kukafinya mkati mwa thawulo osapotokola, n'kukayala, kenako n'kubaya pini pa nsonga iliyonse ya m'mbali. Kutacha katauma, bowo lililonse linali litatseguka, makona ake atatu akuthwa.

Kabukuka ndi koyenera munthu amene amadziwa kale tcheni, single crochet ndi masitichi aatali koma sanawerengepo tchati. Amene sanagwirepo singano ayambe kwina, chifukwa mulibe zosonyeza kagwiridwe ka ulusi. M'kabukuka mulinso tchati china chimene amadzaza mabowo ena ndi masitichi kuti pakhale maluwa pakati pa ukonde. Ndayamba kale kachidutswa koyesera, ndipo ulendo uno ndawerenga kaye timizere ta pa miyendo ndisanayang'ane mawu a pansi.