Kosi ya makhalidwe pa bizinesi kapena ya ufulu wachibadwidwe?

Ya makhalidwe pa bizinesi imaphunzitsa momwe kampani ingapezere phindu popanda kupweteka anthu. Ya ufulu wachibadwidwe imayambira pa mfundo 30 za chikalata cha United Nations cha 1948, zonena zomwe munthu sayenera kulandidwa.

Kusiyana kwake kumaoneka bwino pa nkhani ya ku Minamata, ku Japan. Mu 1956 madokotala anapeza matenda achilendo, omwe pambuyo pake anadziwika kuti ankachokera ku poizoni wotchedwa mercury wotayidwa m'nyanja ndi fakitale ya Chisso. Asodzi ankanjenjemera manja, ena osathanso kulankhula, amphaka odya nsombazo akugwa khunyu. Wophunzira kosi ya bizinesi amafunsa chomwe chinachititsa mabwana kupitiriza kutaya poizoniyo mpaka 1968. Wa ufulu amayang'ana banja la msodzi ndi chipukutamisozi chake.

Zowerenga: ya bizinesi, nkhani za makampani, zosavuta kutsatira, ya ufulu, mapangano a mayiko ndi zigamulo zazitali.
Ntchito: ya bizinesi, kubanki kapena kuofesi yofufuza mabuku a ndalama, ya ufulu, kumakhothi kapena kumabungwe ngati Malawi Human Rights Commission.

Ngati mukuwerenga zamalonda kapena akaunti, tengani ya bizinesi, chifukwa tsiku lina siginecha yovomereza zochita za kampani idzakhala yanu. Ya ufulu, komwe ineyo mtima wanga uli, ikuyenera amene angakhale tsiku lonse akumvetsera madandaulo a munthu wolakwiridwa.