Nkhalango Yobzala ndi Nkhalango Yodzimerera

Munda wa paini kapena bulugamu umakula msanga, ndipo matabwa sachedwa kupezeka. Vuto lake n'lakuti mitengo yonse ndi ya mtundu umodzi. Tizilombo kapena matenda zikalowa, zimatha kusesa munda wonse.

Nkhalango yodzimerera imachedwa, koma imasonkhanitsa mitundu yambiri. Poyamba pamamera mitengo yokonda dzuwa, imene njere zake zimauluzika ndi mphepo. Kenako mbalame ndi mileme zimabweretsa njere zina, ndipo mitengo yokonda mthunzi imamera pansi pa inzake. Zitsa zakale nazonso zimaphukira. Ngati pafupi pali nkhalango yakale, ine ndingasankhe njira imeneyi, bola moto ndi ziweto zisalowemo. Kumalo oguga, kutali ndi kumene njere zingachokere, kubzala n'kofunika, koma tibzale mitundu yosakaniza.