Echinacea kapena Rudbeckia: iti ingapirire dothi la ku Britain?

Anzanga amene mwapeza kamunda kuseri kwa nyumba kuno ku Britain simukundipumitsa ndi funso la maluwa awiriwa, ndiye ndiyankhe kamodzin'kamodzi. Onse ndi abale a mpendadzuwa, kwawo ndi ku North America kumene amamera okha m'tchire, ndipo amachita maluwa chakumapeto kwa chilimwe. Kufanana kwathera pomwepo.

Chakukhosi changa chili pa Echinacea ya olenji ndi yofiira imene amaiika pakhomo penipeni kogulitsa maluwa. Echinacea purpurea yeniyeni ndi yapinki. Mitundu yowalayi inabwera pokwatitsa yapinkiyo ndi Echinacea paradoxa, yachikasu ya kumapiri a Ozark, ndipo ya olenji ya ku Chicago Botanic Garden inafika pamsika mu 2004. Ikakhala mumphika imaoneka ngati mkwatibwi, mtengo wakenso ndi wa mkwatibwi.

Chimene wogulitsa sakuuzani n'chakuti mbewuyi imadana ndi madzi odikha. Chisanu imapirira, koma makande onyowa a m'Januwale amawoletsa mizu. Yanga pofika Epulo panatsala kachitsa kakuda, kofewa, kozuka ndi zala ziwiri. Imene inapulumuka, nkhono zinaseteka mphukira zake zisanatalike n'komwe. Mukati musunge njere, ana ake safanana ndi make. Ndiye ngakhale pachikwangwani alemba kuti imakhala zaka zambiri, mudzabwereranso ndi mapaundi chaka chamawa. Ija ya maluwa othithikana ngati mpira musaiyang'ane n'komwe, njuchi zimasowa polowera.

Rudbeckia fulgida 'Goldsturm', imene inatchuka kuchokera ku nazale ya Karl Foerster ku Germany, ilibe matama. Makande sawaopa. Imatambalala yokha, ndipo pakatha zaka zitatu kapena zinayi mumaizula n'kuigawa ndi fosholo, aneba n'kupezerapo mwayi. Zolakwa zake ndi ziwiri: kukachita ng'amba masamba amalefuka msanga, ndipo mtundu ndi chikasu basi, chokhala ndi kadiso kakuda pakati. Werengani dzina bwinobwino, chifukwa Rudbeckia hirta imafanana nayo koma kawirikawiri sipitirira zaka ziwiri.

Ine ndili kumbali ya Goldsturm, sindibisa. Ngati mtima wakanirira pa Echinacea, gulani yapinki yotchedwa 'Magnus', mudzale m'Meyi osati mu Okutobala, pa kachulu kosakaniza ndi timiyala kuti madzi azitsika.