Ndinalipira kuti munthu andionetse Blantyre, tauni yomwe ndinabadwiramo

Pomwe mlongo wanga ananditumizira ka positala pa WhatsApp koti kuli anyamata ena amene akumayenda ndi anthu wapansi mtauni Loweruka kuwaonetsa nyumba zakale, ine ndinaseka. Munthu wokulira ku Ndirande, miyendo yanga yatha ndi ma shotikati a mtauni muno, nde ndilipire kuti wina andiuze za Blantyre? Koma mwana wake ali Fomu 2 ndipo history ikumuzunguza mutu, basi anangoti ankolo mupite naye. Tinapita. Mtengo wake kwa anthu awiri unali ngati wa nkhuku imodzi yachikuda pa msika, siwoopsa ayi koma siwongotaya.

Zoipa ndiyambire zomwezo kuti zichoke. Anati tikumane 8 koloko pa geti la mishoni kufupi ndi sukulu ya HHI, gaidi wathu anafika cha mma 9 akupepesa kuti minibasi inachedwa kudzaza. Madzi omwe analemba pa positala paja sitinawaone. Ndipo ngati muli ndi vuto la mawondo ganizirani kawiri, chifukwa kuchoka ku mishoni kutsikira ku Victoria Avenue, kuwoloka Mudi mpakana kukwera ku Mandala dzuwa lili pamutu si masewera.

Koma mnyamatayu atangoyamba kulankhula pa tchalitchi cha St Michael and All Angels mkwiyo wanga unaphwa. Tchalitchi chimenechi ndachidutsa kambirimbiri, ndinakhalapo pa maukwati awiri mmenemo, koma sindinayambe ndaimapo n'kuyang'ana njerwa zake. Iye anatiimika pafupi ndi khoma n'kunena kuti gwirani. Njerwa zake sizofanana eti, zina zokhota, zina zosongoka, zina zamizeremizere ngati wina anachita kuzisema ndi mpeni, ndipo zonse zinaumbidwa n'kuwotchedwa konkuno. Anayamba kumanga mu 1888 n'kumaliza mu 1891, woyang'anira anali mbusa David Clement Scott yemwe sanaphunzirepo za zomangamanga, ndipo omanga anali anthu akuda a konkuno. Mwana wa mlongo wanga anayika chala mu mpata wa njerwa n'kundiyang'ana, akuti ankolo nyumba yanu ya 2015 ija bwanji yang'aluka kale. Anthu anaseka, ine ndinangomeza malovu. Scott yemweyo ndi amene analemba mtanthauziramawu wa Chimang'anja wa mu 1892, nde ife olemba Chichewa tili naye ka ngongole ndithu.

Mtauni mwenimweni tinangodutsa mwachangu, Boma yakale ndi holo yakale ya tauni pa Victoria Avenue, phokoso la magalimoto ndi ma venda a ma chaja moti theka la zomwe ankanena sindinamve. Apa akanakhala ndi ka sipika zikanathandiza.

Ku Mandala House nde kumene ndalama yanga inabwerera. Nyumba ya mu 1882, yosanja, khonde lalikulu kuzungulira, ndipo ndi yomwe imatchulidwa kuti nyumba yakale kuposa zonse zomwe zidakaima m'Malawi muno. Ine dzina loti Mandala ndimangolidziwa ngati dera la anthu a ndalama basi, osadziwa kuti linachokera pa magalasi a m'maso a John Moir, yemwe pamodzi ndi m'bale wake Frederick ankayendetsa kampani ya African Lakes ya ku Glasgow. Anthu ankamutcha Mandala chifukwa cha magalasi aja, dzina linagwira kampani, linagwira masitolo, mpakana dera lonse. Pansi pali malo ogulitsa zojambula ndi zosema komanso pomwera khofi pa kapinga, pamwamba pali laibulale ya Society of Malawi, bungwe lomwe linayamba mu 1946 likutchedwa Nyasaland Society. Mukakwera masitepe amatabwa aja amalira pansi pa phazi, mkati muli fungo lija la mapepala akale, zithunzi za Blantyre ali tchire, Ndirande akuoneka kumbuyo mitengo ili thoo. Ndinaima pa chithunzi chimenecho nthawi yaitali kuposa anzanga onse, phiri lomwelo lero ndi miyala ndi minda.

Tsono apa ndi pomwe ndili ndi mawu kwa anyamata a tuwa imeneyi. Kuyambira 9 koloko mpakana masana mayina omwe tinkamva anali Scott, Moir, Henderson, Livingstone. Inde dzina la Blantyre linachokera ku mudzi wa ku Scotland komwe Livingstone anabadwira, inde mishoni inayamba mu 1876, zonsezo nzoona, koma zinkamveka ngati azunguwo anafika pamalo popanda munthu. Mu gulu lathu munali bambo ena achikulire, a jekete ndi ndodo, omwe anangokhala chete ulendo wonse, nde pa khonde la Mandala paja anatsokomola n'kunena kuti mwana wanga, katundu yense wa kampaniyi ankafika bwanji kuno? Gaidi anati pa sitima za pa Shire. Bambo aja anati sitima inkakwera phiri? Kenako anayamba kufotokoza za atengatenga, anthu omwe ankasenza mitolo pamutu kuchokera kwa Katunga kumunsi kwa Shire kukwera zitunda mpakana Blantyre, ena n'kupitirira ku Matope, chifukwa pakatipo mtsinje uli ndi mathithi sitima sizingadutse. Anatikumbutsanso kuti Henderson pofunafuna malo a mishoni anali ndi Tom Bokwito womutanthauzira, komanso kuti dera limeneli linali la mfumu Kapeni. Ndipo chomwe chinandiimitsa tsitsi, mu January 1915 anthu a John Chilembwe anabwera usiku kudzathyola nkhokwe ya mfuti ya kampani yomweyi ku Mandala kuno. Munthu yemwe nkhope yake tili nayo pa ndalama, nkhani yake inafika pamalo pomwe tinaima tikudya ma sikono, koma mu tuwa munalibemo.

Ndimuyamike gaidi uja pa chinthu chimodzi, sanachite manyazi kapena makani. Anatulutsa foni n'kunena kuti agogo bwerezaninso ndilembe, ndipo anawapempha nambala kuti adzawachezere. Ena akanayamba kudzimva apa. Nkhani ngati zimenezi zili ndi agogo athu mmakomomu ku Chilomoni, ku Bangwe, kwa Kapeni, ndipo anyamatawa atati aziwatenga mmodzi pa ulendo uliwonse n'kumawapatsako kangachepe ine ndikhoza kuonjezera ndalama osadandaula.

Chinanso, ankalankhula Chingerezi kwambiri chikhalirecho pa gulu la anthu 11 mzungu anali mmodzi yekha, ndipo nayenso moni wa Chichewa ankautha. Ana omwe anali pa gululo ankangogwedeza mutu. Titamuuza anasintha, ndipo mu Chichewa nkhani zake zinkakoma kuposa, nthabwala zinayamba kutuluka.

Nde pa nyenyezi 5 ndikupereka 4, imodziyo yapita ndi madzi aja ndi atengatenga. Mukamapita valani nsapato zoyendera osati zopitira ku ukwati, tengani botolo lanu la madzi, ndipo funsani kaye ngati laibulale ya ku Mandala ikhale yotsegula tsiku limenelo chifukwa kuiphonya nkutaya theka la ulendo. Anati mwezi wamawa akufuna aonjezere museum ya ku Chichiri komwe kuli chi sitima cha pamtunda chakale panja pa udzu, mwana wa mlongo wanga wanena kale kuti ankolo mulipiranso.