Mashini ocheka matabwa: chakale chachitsulo, katsopano kopepuka kapena chowotcheretsa?

Amzanga a matabwa, funso loti ndigule mashini ati ocheka likumandipeza pafupipafupi ndiye ndangoti ndinene zomwe ndaona, poti onse atatu ndinagwirako.

Chakalecho ndikunena ngati ma Wadkin aja a ku Leicester ku England, kampani yoti inayamba 1897 koma mashini ake mpaka lero akulirabe. Tebulo lake ndi cast iron yeniyeni, anthu anayi simunyamula, ndiye ukamacheka mlombwa wokhuthala sichinjenjemera olo pang'ono, mzere umatuluka wowongoka bwinobwino. Mota yake ilibe mabulashi (timakala tija timaperepeseka mkati mwa mota), zomwe zimatha ndi lamba ndi mabeyaling'i basi, ndipo zimenezo umazipeza. Koma musanapereke ndalama funsani kaye za magetsi, zambiri ndi za three phase 400V pomwe kunyumba kwathu ndi 230V, anthu agulapo nkukangochisiya pakhonde chikuchita dzimbiri. Onaninso shafuti, zakale za ku England zina ndi 5/8 inchi zina 1 inchi, pomwe macheka ambiri a masiku ano bowo lake ndi 30mm. Pamafunika kamphete kokwana ndendende, osati zokulunga kachitini zija ayi.

Katsopano kaja ubwino wake ndi woti umakweza pagalimoto kupita nako ku saiti, kulumikiza pa soketi wayamba ntchito, ndipo kamabwera ndi gadi yake yophimba macheka ndi zonse. Pa plywood ndi paini wa ku Chikangawa kali bhobho. Koma kapatseni bulugamu tsiku lonse mumva kakulira ngati kakupempha chikhululukiro, mabulashi kutha, fensi (chitsulo chotsamirapo thabwa chija) kusuntha yokha uli mkati mocheka.

Chowotcheretsacho, mota pansi, shafuti, pule, thabwa pamwamba, nchotchipa inde ndipo chalera ana ambiri, sindikuchinyoza. Kungoti zambiri zomwe ndaona macheka ali pamtunda mbee, lamba osaphimba, swichi ndi ija ya nyale ya pakhoma.

Nde apa mpomwe pali nkhani yanga yeniyeni. Kuseri kwa macheka kumayenera kukhala kachitsulo kopindika kaja amati riving knife. Thabwa likamachekedwa, makamaka lauwisi kapena la mfundo, limafuna kutsekanso kumbuyo nkupana macheka, ndiye mano akumbuyo aja poti amazungulira akukwera mmwamba amalinyamula nkukuponyera. Kachitsuloko ntchito yake nkuletsa kuti mpata usatseke. Kakhale konenepa kuposa chitsulo cha macheka koma kosafika kukula kwa mpata womwe mano acheka, ndipo kasatalikirane ndi mano kupitirira 8mm. Pa mashini akale kawirikawiri umapeza kanachotsedwa kalekale, eti kamachedwetsa. Ine changa ndinagula chilibe, ndimvekere aa ndidzakonza, mpaka tsiku lina kapaini kakang'onong'ono kanandidutsa pambali pa nthiti fyuu nkukaboola chitseko cha plywood kumbuyo kwanga. Ndinakhala pansi kaye. Mawa lake ndinali kwa owotcherera ndi katoni yomwe ndinajambulapo kachitsuloko. Kuchokera pamenepo sindiimanso moyang'anizana ndi macheka, ndimaima cha pambali.

China ndi swichi. Kuno magetsi amathima osatsanzika, mashini aima, iwe wayamba kukokolola utuchi ndi manja pafupi ndi mano, kenako abwera. Ndi swichi wamba chimangodzuka chokha. Ija ya mabatani awiri, lobiriwira ndi lofiira, amati NVR, magetsi akapita imadzizimitsa mpaka udinenso. Katsopano nthawi zambiri kamabwera nayo, chakale muyese nokha musangokhulupirira wogulitsa, chowotcheretsa muikiretu. Komanso chakale ukazimitsa macheka amazungulirabe kanthawi mwakachetechete, ku Britain malamulo amafuna aime pasanathe masekondi 10, ife ambiri tilibe buleki ndiye kungodikira manja ali kumbuyo.

Kamtengo kokankhira nkaulere, dulani pa zotsala, kotalika 450mm, ndipo 300mm yomaliza ya thabwa kankhani ndi kameneko. Magolovesi ayi, malaya a manja olendewera ayi.

Kusamala chakale sikovuta. Zulani magetsi kaye, zulanidi osati kungodina batani. Utomoni wa paini ukamata pa mano pukutani ndi parafini, nthawi zambiri macheka timati abuntha pomwe angoda. Gwedezani macheka ndi dzanja, akamasewera mabeyaling'i apita. Macheka a mng'alu tayani, osawotcherera. Tebulo kulipala dzimbiri ndi sandipepa wosalala nkupaka phula, oilo amadetsa matabwa. Fensi ikhale yolingana ndi macheka, ikapanikiza kumbuyo thabwa limapsa nkubwerera. Mano nawo, a 24 ndi ong'ambira mlitali, a 60 kapena 80 ndi odulira mopingasa, ukang'amba mlombwa ndi a 80 ungofukiza utsi.

Ndiye mukandifunsa, wa pa saiti atenge katsopano. Wa shedi yokhazikika yokhala ndi three phase, chakale, koma pa mtengo womwe akuuzaniwo onjezerani ya riving knife, gadi ya pamwamba ndi swichi, muziike musanachekepo thabwa olo limodzi. Chowotcheretsa changa chija ndinachichotsa macheka, pano chimazunguza sandipepa.