Kusaka zolemba za zisudzo zathu mu laibulale ya eni ake

Anzanga a m'gulu lathu la zisudzo, ndi nonse amene mumandifunsa pa WhatsApp kuti sukulu ikuyenda bwanji kuno ku England, ndili bwino ndithu, kungoti kuzizira sindinakuzolowerebe. Lero ndati ndikusimbireni zimene zinandidyera mwezi wathunthu nditangofika, chifukwa ena mwa inu mukulemba kafukufuku wanu kumeneko ndipo mwina mukupunthwa pa mwala womwewo.

Tsiku loyamba kukumana ndi aphunzitsi amene akuyang'anira kafukufuku wanga, ndinapita ndi mndandanda umene ndinatola pa Google: nkhani za m'nyuzipepala, malipoti a mabungwe, ndi zina zosadziwika mwini wake. Ndinkadzimva kuti ndagwira ntchito. Iwo anayang'ana pepalalo mwaulemu n'kundiuza kuti zonsezo n'zothandiza, koma msana wa kafukufuku uyenera kukhala nkhani za m'ma journal, magazini a akatswiri amene nkhani siisindikizidwa isanawunikidwe ndi akatswiri ena a phunziro lomwelo. Ndinatuluka n'kulunjika ku laibulale, ndinakhala pa kompyuta, n'kulemba mawu awiri: "Malawi drama". Zimene zinabwera zinali zosokonezeka, zina za ndale, zina za njala, za zisudzo zenizeni zowerengeka ndi zala. Ndinayesa masiku angapo, kenako mumtima ndinagamula kuti za zisudzo za kwathu palibe amene analemba. Ndinatsala pang'ono kusintha mutu wa kafukufuku.

Mnzanga wina wa ku Ghana ndiye anandikankha kuti ndikaonane ndi woyang'anira laibulale wa gawo lathu. Ine ndinkaona ngati n'kutaya nthawi. Paja ku sekondale tinkadziwa kuti ntchito ya munthu wa mu laibulale ndi kudinda mabuku ndi kutikalipira tikamalongolola. Kuno phunziro lililonse lili ndi munthu wake, ndipo umachita kupangana naye nthawi ngati kuchipatala. Mayi amene ndinawapeza sanafikeko ku Malawi, Gule Wamkulu sanamuonepo, koma m'malo mondipatsa mabuku anayamba kundifunsa mafunso.

Loyamba: dziko lanu kale linkatchedwa chiyani? Titalemba "Nyasaland" panatuluka The Nyasaland Journal, imene inayamba mu 1948 ndipo pano imatchedwa The Society of Malawi Journal. Makope ake akale ali pa JSTOR, nkhokwe ya ma journal ya pa intaneti. M'menemo ndinapeza nkhani ya W.H.J. Rangeley ya mu 1949 yofotokoza za nyau ku Nkhotakota, koma dzina la bomalo linalembedwa mwa atsamunda, Kotakota. Mukalemba Nkhotakota mukhoza kuidutsa osaiona. Ngakhale dzina loti Chewa ena akale ankalemba Cewa. Kompyuta sidziwa kuti ndi anthu amodzi, imangofuna zilembo zimene mwaipatsa.

Kenako anandifunsa kuti anthu amene analemba za gule ameneyu ankamutcha chiyani. Apa m'pamene ndinaona pamene ndinkasochera. Ine ndimatenga Gule Wamkulu ngati chisudzo chachikulu cha makolo athu, chokhala ndi bwalo, zovala, oimba ndi oonerera. Koma ambiri amene analemba za iye anali akatswiri a chikhalidwe, a mbiri yakale ndi a zipembedzo, ena ansembe amene, choncho nkhani zawo zili m'ma journal a maphunziro amenewo pansi pa mawu monga "nyau", "masks" kapena "masquerade". Mawu oti "drama" mwina mulibemo n'komwe. UNESCO italengeza mu 2005 kuti Gule Wamkulu ndi chuma cha chikhalidwe cha anthu onse, zolemba zina zinayamba kubwera pansi pa mawu oti "heritage". Gule yemweyo, makomo atatu kapena anayi.

Funso lomaliza linandiseketsa chifukwa linali loona kwambiri: zisudzo zanuzo amalipira ndani? Inu mukudziwa mmene timakhalira. Sewero la Edzi, la malungo, la ukhondo, ndalama zimachokera ku mabungwe, ndiye zolemba zake zambiri zili m'ma journal a zaumoyo ndi a chitukuko. Mawu otsegula khomo limeneli ndi "Theatre for Development". Titawalemba pamodzi ndi Malawi, mayina amene tinkangowamva ku Zomba anayamba kutuluka: David Kerr, Christopher Kamlongera, gulu la Travelling Theatre la ku Chancellor College, ntchito ya zisudzo ya ku Mbalachanda m'boma la Mzimba mu 1981, ndi masewero ophunzitsa zaumoyo a m'midzi ya ku Liwonde m'zaka za m'ma 1980. Ndinakhala pampando paja osanena kanthu. Ndakwera ndege ulendo wonsewu kudzawerenga za Liwonde, pamene ndinkadutsa pa basi chaka ndi chaka n'kumagula chimanga chootcha. Nditawonjezera mawu oti "censorship" ndinapezanso zofotokoza mmene lamulo la mu 1968 linkachititsira kuti sewero liyambe laonedwa ndi Censorship Board lisanapite pa siteji, ndi mmene olemba ankabisira mawu m'nthano ndi m'miyambi.

Tinjira tina ndi tating'ono koma timapulumutsa. A ku Britain amalemba theatre, a ku America theater, ndiye mukalemba theat* ndi kanyenyezi kumapeto mumakola zonse ziwiri. Mawu oyendera limodzi muziwatsekera m'zizindikiro zogwira mawu, apo ayi kompyuta imawamwaza. Ndipo bokosi lalikulu la pa tsamba la laibulale silikwanira, pamafunika kulowa m'nkhokwe zenizeni. Za zisudzo ine ndimadalira International Bibliography of Theatre and Dance, MLA International Bibliography, JSTOR ndi Project MUSE. Ma journal amene ndimabwererako kawirikawiri ndi South African Theatre Journal, Research in Drama Education, New Theatre Quarterly ndi Research in African Literatures. Dziwaninso kuti pa JSTOR ma journal ambiri alibe makope a zaka zingapo zaposachedwa, choncho zatsopano muzikazisaka kwa osindikiza ake.

Koma njira imene yandipindulira koposa ndi yachikale. Ndikapeza nkhani imodzi yabwino, ndimapita kumapeto kwake kukaona amene wolembayo anawerenga, n'kuyamba kuwalondola mmodzimmodzi ngati mapazi a mbuzi yotayika. Kenako pa Google Scholar ndimaona amene anaitchula nkhaniyo pambuyo pake. Olemba za zisudzo za ku Malawi si ambiri, amatchulana okhaokha, moti pakatha sabata umakhala wawadziwa pafupifupi onse.

Usiku wina ndili kuchipinda kwanga ndinapeza nkhani imene ndinkaifunitsitsa, koma tsambalo linkafuna mapaundi oposa 30. Ndinatulutsa khadi la ku banki, ndalama ya chakudya cha sabata imeneyo, kenako ndinati ndigone kaye. M'mawa mayi aja anaseka n'kundionetsa kuti ndinangoiwala kulowa kudzera pa akaunti ya yunivesite, nkhaniyo inali yolipiridwa kale. Ngati yunivesite ilibe nkhani ina, amaibwereka ku laibulale ina n'kukutumizira pa imelo. Chiyambireni sindinalipirepo ngakhale kobiri.

Mwina mukuti zonsezi n'za anthu a kunja. Zina inde, ndipo zimandiwawa kuti nkhani yonena za mudzi wa ku Machinga imatsegukira ine kuno mosavuta kuposa mwana wa m'mudzimo. Komabe si makomo onse otseka. Journal of Humanities ya ku Zomba ili pa African Journals Online, pamodzi ndi ma journal ena ambiri a mu Africa. Pa JSTOR munthu aliyense akhoza kutsegula akaunti yaulere n'kumawerenga nkhani zokwana 100 pa mwezi pa intaneti pomwepo. Malaibulale a m'makoleji athu ali ndi mgwirizano wawo wa MALICO umene umathandiza kupeza ma journal a pa intaneti, choncho pitani mukafunse kuti koleji yanu ili ndi ziti. Mayunivesite a ku South Africa amaika poyera kafukufuku wa ophunzira awo a masters ndi PhD, ndipo ena mwa iwo ndi Amalawi anzathu. Zikakanika zonse, lemberani mwini nkhaniyo imelo yaulemu. Ine ndalembera atatu, awiri ananditumizira.

Pali zina zimene ndasaka m'nkhokwe zonsezi n'kupeza zochepa kwambiri poyerekeza ndi kukula kwake. Za Du Chisiza Jr ndi Wakhumbata zilipo ndithu. Koma masewero a Chichewa amene ankadzaza maholo, nthabwala za Izeki ndi Jakobo, Kapalepale wa pa MBC amene tinkamvera banja lonse, mipikisano ya zisudzo za m'masukulu ya ATEM imene inatiumba tonsefe, zolembedwa zake sizikufanana ndi mmene tinkazikondera. Chaputala changa chachitatu chaima pamenepo. Ndiye ndikupempheni: chikwama chija cha mapositala ndi zolemba pamanja za masewero athu, chimene tinasiya kwa a tcheya, musachitaye ngakhale chiswe chitayamba kulawa. Jambulani pepala lililonse ndi foni, mulembe chaka ndi holo imene tinasewera, munditumizire. Ndalama ya bandulo nditumiza Lachisanu.