Arduino IDE 2 ndi yabwino polemba khodi, koma 1.8.19 musaitaye

Aliyense woyamba kugwira bolodi ya Arduino (kabolodi ka zamagetsi komwe mumakalembera khodi kuti kaziyendetsa zipangizo) kuno ku Zomba, kaya ndi wophunzira wa pa Chirunga amene akukonza polojekiti ya chaka chomaliza, kaya ndi mmisiri wa ku Chinamwali wofuna kulumikiza makina oswera mazira a nkhuku, amafika pa funso lomweli: pa pulogalamu yolembera khodi ndi kuitumiza ku bolodi, ndiike Arduino IDE 2 kapena yakale ija ya 1.8.19? Ife tikuti ikani 2 ngati laputopu yanu ikukwanitsa, koma 1.8.19 ikhale pa fulashi nthawi zonse. Yatsopanoyi anaipanga poganizira munthu amene bandulo yake sitha komanso wa kompyuta yamphamvu, ndipo kuno anthu otere ndi ochepa.

Version 2.0 inatuluka mu Seputembala 2022, pamene 1.8.19 inatuluka mu Disembala 2021 ndipo ndi yomaliza pa mzere wakalewo. Sikuti anangopaka penti nyumba yakale ayi. Anaimanga kuchokera pa maziko pogwiritsa ntchito Eclipse Theia, ndipo ntchito yomanga khodi ndi kuitumiza ku bolodi imachitidwa ndi arduino-cli kuseri kwake. Phindu lake mumaliona polemba. Mukayamba kulemba dzina la function, pulogalamuyi imakuonetsani mayina oyenera ndi zomwe function imeneyo ikufuna, ndipo mukhoza kudumpha kukaona pamene inalembedwa mkati mwa laibulale. Zikapanda kuoneka, yambani mwasankha bolodi, kenako chongani Editor Quick Suggestions mu Preferences. Kwa wophunzira izi zimachotsa zolakwika zambiri za kalembedwe. Debugger yake, chida chofufuzira zolakwika khodi ikuyenda, musaiwerengere ngati muli ndi Uno kapena Nano: siigwira pa ATmega328P, chip ya mabolodi amenewa, imafuna mabolodi ngati Arduino Zero.

Vuto loyamba ndi kulemera. IDE 2 imafuna Windows 10 ya 64-bit kapena yatsopano kuposa pamenepo, ndiye makompyuta akale a Windows 7 omwe akadali m'masukulu ndi m'mashopu osindikizira mapepala sangaitsegule n'komwe. Pa laputopu ya RAM ya 4 GB imatseguka ndithu, koma mochedwa, ndipo mukatsegulanso browser zonse zimayenda mokoka miyendo. Pa 8 GB imayenda bwino.

Vuto lachiwiri ndi limene limapweteka kwambiri. 1.8.19 imabwera ndi zonse za Uno, Nano ndi Mega mkati mwake. Mukangoikopa kwa mnzanu, ntchito yayamba. IDE 2 ikatsegulidwa koyamba imafuna intaneti kuti itsitse phukusi la mabolodi a AVR (monga Uno, Nano ndi Mega) pamodzi ndi tizida tozindikirira madoko a USB. Netiweki ikadukira pakati, mumapeza kuti mndandanda wa mabolodi uli mbee, kapena doko silikuoneka ngakhale bolodi yayaka. Komanso mu 1.8.19 munkatha kupanga foda yotchedwa portable, zonse n'kumakhala pa fulashi imodzi, n'kumaphunzitsa nayo ku Domasi lero, mawa ku Malosa. Mu 2 njira imeneyi anaisiya, ndipo kumeneku kunali kulakwitsa. Chomwe chimathandiza ndi ichi: munthu mmodzi atsitse zonse pamalo pamene pali Wi-Fi, kenako mukope mafoda awiri. Yoyamba ndi Arduino15, yomwe pa Windows imakhala mu AppData\Local pansi pa dzina la mwini kompyuta. Mmenemo ndi momwe muli mabolodi ndi zida zomangira khodi. Yachiwiri ndi Arduino ya mu Documents, yomwe imasunga malaibulale ndi khodi yanu. Muziike pamalo omwewo pa kompyuta inayo IDE ili yotseka. Makompyuta onse awiri akhale a Windows, chifukwa zida za Windows sizigwira pa Linux. Izi ndi zofunika kwambiri pa ESP32, bolodi yokhala ndi Wi-Fi, poti phukusi lake ndi la ma megabyte mazanamazana, ndipo si chanzeru kuti kalasi yonse iligule ndi bandulo aliyense payekha.

Serial Plotter, chida choonetsa nambala zochokera ku bolodi pa galafu, inabwerera m'mbuyo. Yakale inkaonetsa mfundo 500 pa nthawi imodzi, koma ya 2 inabwera ndi 50 zokha. Ngati sensa ya DS18B20 ikuwerenga kutentha sekondi iliyonse, mukuona zosakwana mphindi imodzi, pamene kuti mudziwe ngati bokosi la mazira lakhazikika pa 37.5°C mumafunika kuliona kwa nthawi yaitali. Tumizani nambala pa masekondi 10 aliwonse, kapena muzilekanitse ndi chizindikiro cha koma (,) n'kukazijambula mu spreadsheet.

Tinene chilungamo: zambiri zomwe anthu amanamizira IDE 2 si zake. Uthenga woti "programmer is not responding" kapena "not in sync" umabweranso pa 1.8.19. Yambani ndi chingwe, chifukwa zingwe zambiri zotchipa za pa msika ndi zotchajira foni basi, zilibe mawaya a data. Kenako chotsani chilichonse cholumikizidwa pa pini 0 ndi 1, popeza khodi imadutsa pa mapini omwewo. Module ya GSM kapena ya Bluetooth ikakhala pamenepo imasokoneza. Ngati ndi Nano yotsanzira, pitani ku Tools, Processor, musankhe mzere wolembedwa Old Bootloader: bootloader ndi kapulogalamu ka mu bolodi kolandira khodi, ndipo yakale imalankhula pa liwiro la 57600 pamene yatsopano ili pa 115200, ndiye sizimvana. Mabolodi otsanzira ambiri ali ndi chip ya CH340, yolumikizira bolodi ku USB, yomwe imafuna driver yake. Mukaona uthenga woti "can't set com-state", driver yatsopano siikugwirizana ndi chip yanuyo. Bwererani ku yakale kudzera mu Device Manager. Pa Ubuntu 22.04 pulogalamu ya brltty, yothandiza osaona pa zida za braille, imalanda doko la CH340, ndiye ichotseni ngati simuigwiritsa ntchito, ndipo dzina lanu mulilowetse mu gulu la dialout kuti muloledwe kugwiritsa ntchito dokolo.

Pali chenjezo limodzi lomwe anthu amalidumpha chifukwa khodi yatumizika ndithu: "Low memory available". Uno ili ndi RAM ya 2 KB yokha, ndipo chenjezoli limabwera mukapitirira 75 peresenti. Bolodi yotere ikhoza kugwira kwa kanthawi kenako n'kuyamba kudzizimitsa ndi kudziyatsa yokha kumunda. Mawu osasintha alembeni motere, Serial.println(F("Madzi achepa")), kuti akhale mu flash ya 32 KB osati mu RAM.

IDE 2 ikukonzedwabe, ndipo pamenepa pali ubwino komanso ngozi. Ubwino wake ndi woti khodi yake ili poyera pa GitHub ndipo aliyense akhoza kulemba vuto lomwe wapeza. Polemba tchulani version ya IDE, mtundu wa Windows kapena Linux, dzina la bolodi, ndipo muphatikizepo zonse zomwe zatuluka mutachonga Show verbose output mu Preferences. Lipoti loti "sikugwira" palibe amene angalikonze. Ngozi yake ili pa kauthenga kamene kamatulukira pakona kokuuzani kuti pali zatsopano. Mu 2024 Espressif, kampani yopanga ESP32, inatulutsa version 3.0 ya phukusi la ESP32 n'kuchotsa ledcSetup ndi ledcAttachPin, m'malo mwake n'kuika ledcAttach. Khodi yoyendetsa pampu kapena fani ndi PWM (njira yosinthira liwiro la mota), yomwe inkamangika bwinobwino dzulo, inayamba kukana kwa aliyense amene anangodina batani losintha. IDE payokha mukhoza kumaisintha, popeza zokonzedwa zambiri zimabwera mmenemo. Koma phukusi la bolodi ndi malaibulale musazikhudze polojekiti ili pakati, makamaka kutatsala sabata imodzi kuti mukaionetse. Lembani ma version onse pamwamba pa khodi yanu. Ngati mwasintha kale n'kuonongeka, tsegulani Boards Manager, pezani esp32, ndipo pa kabokosi ka version musankhe ya 2.0 yomwe munali nayo, mudine Install, kenako mumangenso khodiyo musanasinthe mzere ngakhale umodzi.